Masheya a ku America, magetsi a Kariba ndi tindalama tathu ta ku Lusaka

Mphwanu wa ku Garden: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Mnzanga wa kuntchito wandionetsa app yogulira masheya a ku America pafoni. Akuti chifukwa cha AI (makompyuta otsanzira nzeru za munthu), ndalama masiku ano ili pa Nvidia. Ndasunga kangachepe ndipo ndikufuna ndiponye kumeneko. Alipo anayesapo?

Anambewe (Kamwala): Iwe mwana, usanaponye kalikonse fufuza kaye ngati eni akewo ali ndi chiphaso. Kuno ku Zambia oyang'anira zimenezi ndi a Securities and Exchange Commission (SEC), ndipo mndandanda wa mabroka (ogulira anthu masheya) ovomerezeka ulipo. Pamsika pano taona anthu akulira. Ankauzidwa kuti ndalama iziswana sabata ndi sabata, tsiku lina app inangosiya kutseguka. Wokuuza kuti ubweretse anzako atatu kuti phindu likule, ameneyo mthawe.

Mphwanu wa ku Garden: Ayi amayi, iyi ndi ya masheya enieni. Nvidia ndi kampani yodziwika, imapanga tchipisi ta makompyuta a AI.

Achisale (Kabwata): Kampaniyo ndi yeniyeni, mphwanga, ndipo imapeza phindu lochuluka. Mu 2023 mtengo wake wonse unapitirira madola 1 thiriliyoni, mu July 2025 unafika 4 thiriliyoni. Koma ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za eni golosale, ndiye ndimafunsa funso limodzi: ndikulipira zingati pa phindu limene kampaniyo ikupeza? Sheya ndi kagawo ka bizinesi. Ngati sheya ikugulitsidwa K100 ndipo phindu lake pachaka ndi K10, walipira phindu la zaka 10. Ngati phindu ndi K2, walipira la zaka 50, ndipo ukungodalira kuti likula msanga. Likapanda kukula mmene anthu akuyembekezera, mtengo umagwa ngakhale kampaniyo ikuyenda bwinobwino.

Angozo (wamagetsi, Chawama): Achisale, koma AI sikutha mawa.

Achisale (Kabwata): Intaneti nayonso sinathe, achimwene. Mu March 2000 kampani ya Cisco, yopanga zipangizo zolumikizira intaneti, inali yodula kuposa ina iliyonse padziko. Anthu sanalakwe poganiza kuti intaneti ikula. Analakwa pa mtengo. Sheya yake inagwa ndi 80 peresenti ndi kuposera, ndipo panadutsa zaka zoposa 20 isanabwerere pomwe inali. Msika wa masheya wa Nasdaq ku America wonse unadikira mpaka 2015. Ku Japan ndiye zinanyanya: Nikkei, muyeso wa mitengo ya masheya a kumeneko, inafika pachimake mu December 1989, n'kudzapitirira pamenepo mu February 2024. Munthu amene anagula ali ndi msinkhu wa mphwathuyu anabweza ndalama yake ali gogo. Chimanga n'chimodzimodzi, koma wogula mu June ndi wogula mu February salipira mofanana.

Anambewe (Kamwala): Apo ndamva.

Mphwanu wa ku Garden: Ndiye mukuti ndisagule za kunja?

Achisale (Kabwata): Sindinatero. Ndikuti usathamangire pomwe aliyense wathamangira kale. Warren Buffett, katswiri wa masheya wa ku America, mu 2020 anagula masheya m'makampani asanu a zamalonda a ku Japan, Mitsubishi, Mitsui, Itochu, Marubeni ndi Sumitomo, pa nthawi imene anthu sankawayang'ana n'komwe. Anali otchipa poyerekeza ndi phindu lawo ndipo ankapereka dividendi, gawo la phindu logawira eni masheya. Mu 2024, ena akuimba nyimbo ya AI, kampani yake ya Berkshire Hathaway inagulitsa masheya ambiri a Apple n'kusunga ndalama zoposa madola 300 biliyoni. Sikuti tizingotsanzira, ndalama zake ndi zathu sizifanana ngakhale pang'ono, koma kaganizidweko n'kaulere.

Angozo (wamagetsi, Chawama): Ine ndikakhala ndi yotsala ndingaike ku magetsi. Mukukumbukira 2024? Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku. Ntchito yoika sola, mabatire ndi ma inveta inandichulukira moti ena ndinkawakana. Dziko lino magetsi ambiri ndi a madzi, Kariba ndi Kafue Gorge, ndiye chilala chikangobwera zonse zimaima, kuyambira chigayo mpaka saluni.

Achisale (Kabwata): Apa ndiye mwakhudza pomwe ndimaganizira kwambiri. Makompyuta a AI aja amasungidwa m'manyumba akuluakulu omwe amadya magetsi usana ndi usiku. Mu September 2024 Microsoft inagwirizana ndi kampani ya magetsi ya Constellation kuti ayatsenso makina a nyukiliya pa Three Mile Island ku America, kuti ipeze magetsi okwanira. Magetsi amayenda mu waya, waya ndi mkuwa, ndipo mkuwa ukukumbidwa konkuno, ku Kansanshi, ku Lumwana, ku Mopani. Boma likufuna kufika matani 3 miliyoni pachaka pofika 2031, ndipo migodi singakule popanda magetsi. Sindidziwa kuti ndi kampani iti ya AI idzapambane zaka 10 zikubwerazi, koma yopambana ndi yolephera zonse zilipira bilu ya magetsi. Pa LuSE, msika wa masheya wa ku Lusaka, pali Copperbelt Energy Corporation (CEC), yomwe imagulitsa magetsi ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Congo, ndipo yamanga sola ku Kitwe. Bizinesi yotere ndimatha kuimvetsa.

Mlongo wanu (namwino, Chelston): Malume, ndiye CEC ilibe vuto?

Achisale (Kabwata): Ilipo kampani yopanda vuto? Makasitomala ake ndi ochepa, akuluakulu okhaokha. Konkola Copper Mines itagwa m'mavuto inakhala ndi ngongole ya magetsi yoposa madola 100 miliyoni kwa CEC. Mtengo wa mkuwa nawo umakwera n'kutsika. Chinanso, msika wa kuno ndi waung'ono: masheya ena amatha masiku osagulidwa, ndiye ukafuna kugulitsa mwachangu ukhoza kudikira kapena kutsitsa mtengo. N'chifukwa chake ndalama ya lendi, ya fizi kapena ya maliro isamapite kumeneko. Ndipo sheya yabwino ikakwera kwambiri, funso lija la mtengo limaigwiranso.

Angozo (wamagetsi, Chawama): Pa sola paja ndionjezereko. Mapanelo ochokera ku China atchipa kwambiri zaka zimenezi. Ogula akusangalala, koma opanga akupikisana mpaka kugulitsa mopanda phindu. Chinthu kufunidwa ndi aliyense sikutanthauza kuti wochipanga akulemera.

Anambewe (Kamwala): Nanga kwathu ku Malawi? Mchemwali wanga ku Blantyre akuti masheya a mabanki pa Malawi Stock Exchange akwera zedi, National Bank, FDH, NBS.

Achisale (Kabwata): Akweradi, amayi. Koma muziwerengera ndi kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera pafupifupi 30 peresenti pachaka. Phindu lina limene mukuliona papepala ndi longobweza zomwe kwacha yataya. Ngati mukufuna kudzamanga kumudzi, masheya a kwathu ndi abwino kuposa kuisiya ndalama ili chigonere mu akaunti. Ngati mudzaifunanso kuno, kumbukirani kuti kupeza madola ku banki kwathu n'kovuta. Kulowetsa n'kosavuta, kutulutsa ndiye nkhani.

Mlongo wanu (namwino, Chelston): Ine ndinatsegula akaunti kwa broka wa kuno. Anandifunsa pasipoti, pemiti ya ntchito, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku ZRA, akaunti ya ku banki ndi umboni wa komwe ndimakhala. Amene mapepala anu sali bwino, yambani mwakonza zimenezo, musagule m'dzina la mnzanu. Munthu akamwalira kapena mukayambana, masheyawo ndi a dzina lolembedwalo.

Mphwanu wa ku Garden: Nanga ndikafunabe za ku America, pang'ono chabe?

Achisale (Kabwata): Werengera kaye zodula. Banki idya posintha kwacha kukhala dola, idyanso potumiza, ndipo ukatumiza pang'onopang'ono mwezi uliwonse zodulazo zimameza phindu. Ndi bwino kuunjika n'kutumiza kamodzi. Pa dividendi, America imadula msonkho wa 30 peresenti kwa alendo ngati ife. Dola nayonso si yokwera nthawi zonse: mu 2025 kwacha ya kuno inalimba, ndiye wosunga madola anaona ndalama yake ikuchepa akaiwerengera m'makwacha. Kusiyana n'kusankha kampani imodzi, ena amagula ETF, thumba la masheya ambiri logulidwa ngati sheya imodzi, yotsata S&P 500, makampani 500 a ku America pamodzi. Dziwa chabe kuti makampani ochepa a tekinoloje atenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mtengo wake wonse, ndiye Nvidia yakoyo ili momwemo kale.

Mphwanu wa ku Garden: Zikomo malume. Koma malipoti a makampaniwa ine amandizunguza mutu.

Achisale (Kabwata): Tsitsa lipoti la pachaka la CEC ndi la banki ya Zanaco, ali pa intaneti kwaulere. Usawerenge zonse. Peza phindu la zaka zingapo zapitazi, ngongole zomwe kampani ili nazo, zomwe ena sanailipire, ndi dividendi pa sheya. Loweruka masana ndili pakhomo, ubwere ndi kope ndi cholembera.

Anambewe (Kamwala): Nanenso ndibwera ndikatseka shopu. Komanso alipo akupita ku Lilongwe kudzera pa Mwami sabata ino? Ndili ndi katundu wa amayi, ndikamusiya pa siteshoni ya mabasi ya Intercity.