Sitima zanga zikutuluka zakuda ndi chimbuuzi, ndikulakwitsa pati?

Moni nonse pagulu pano. Ndayamba kumene kujambula, ndiye mundikhululukire ngati funsoli ndi lachibwana.

Ndimakonda sitima za katundu, zazitali zija za mabogi adzimbiri zimene umawerenga mpaka kusokoneza. Vuto ndi lakuti ikamabwera chakumaso kwanga, nyali yake imawala bwinobwino pachithunzi koma injini yonse imada bii, nambala osaoneka n'komwe. Ikamadutsa cham'mbali, mabogi amangotuluka chimbuuzi. Kamera ndimaisiya pa Auto. Dzulo ndinakhala pamlatho maola awiri, zithunzi zoposa 40, chosunga palibe. Chinanso, m'yadi momwe amalumikizira mabogi anzanga mumalowamo bwanji? Ine mlonda anandibweza pageti, mwaulemu ndithu, koma anandibweza.

Yankho loyamba:
Akukupwetekani ndi Auto ameneyo achimwene. Kamera ikaona nyali imayesa kunja kwawala kwambiri, ndiye imadetsa chithunzi chonse. Sitima isanafike lozani panjanji pomwe idutse, muone manambala amene kamera yapereka, muwaike pa Manual, basi musawakhudzenso. Nyaliyo ipsa, inde, koma ndani amakasuzumira m'nyali? Za chimbuuzizo, yodutsa cham'mbali imafuna shutter (nthawi imene kamera imatsegula kuti kuwala kulowe) ya 1/1000 ya sekondi, yobwera chakumaso 1/500 imakwana. Bowo lolowetsa kuwala m'lenzi yambirani pa f/8. ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) musamaiope, 800 si tchimo.

Mwini funso:
Eee, ndayang'ana zadzulozo, zambiri zili pa 1/60. Manyazi andigwira.

Yankho loyamba:
Ndiyetu. Koma 1/60 yo musaitaye. Pondani nji, muzitembenuka m'chiuno mukutsatira injini ndi kamera, ndipo mukadina musaime. Injini imaoneka bwino, mitengo yakumbuyo n'kusanduka mizeremizere. Ine zambiri ndimafufuta, koma chimodzi chikagwira ndimachiyang'ana sabata yonse.

Yankho lachiwiri:
Bwana, m'yadi musalowe popanda chilolezo cha eni ake, mlondayo anakuchitirani zabwino. Mabogi akamakankhidwa, injini imakhala kutali kumbuyo, kutsogolo kuli zii, umangozindikira chitsulo chafika. Sitima ndi yotakata kuposa njanji yake, imatulukira pafupifupi mita imodzi mbali iliyonse, ndipo yodzaza ikakhala pa liwiro imatha kupitirira kilomita isanaime. Woyendetsa angakuoneni, koma chiwongolero choti akupatukireni alibe. Imani kunja kwa mpanda kapena pamlatho wanu womwewo ndi lenzi yaitali ya 200mm, yokokera zakutali. Yadi imakongola ukaionera pamwamba, njanji zikugawikana ngati mizu. Kungoti pitani m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Masana mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa njanji, lenzi yaitali imauonetsa wonse, ndipo palibe batani lokonza zimenezo.

Yankho lachitatu:
Ine ndifunseko, maola awiri aja munajambula chiyani sitima isanabwere? Chithunzi changa chimene ndimachikonda kwambiri mulibemo sitima. Ndi anthu akudikira podutsira njanji, wanjinga phazi limodzi pansi, mwana atatseka makutu hutala isanalire n'komwe. Palinso udzu womera pakati pa njanji zosiyidwa, ndi ogwira ntchito akuweruka. Koma nkhope ya munthu pafupi, pemphani kaye.

Mwini funso:
Amayi, sindinajambule kalikonse, ndinali pafoni. Loweruka ndibwererako m'mawa. Koma pamlatho paja magalimoto akamadutsa pamagwedera, nanga tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ithandiza kapena ndingogwira m'manja?

Yankho loyamba:
M'manja. Tripod imangotenga kugwedera konseko n'kukupatsira kamera. Pa 1/1000 simukuifuna n'komwe.