Summer school ya international criminal law ku Ulaya: ndipite kapena ndingowononga ndalama za amalume?

Mwana wa ku M'baluku

Moni nonse a kuno kunyanja. Ndili ndi funso mwina alipo muno amene anadutsamo kale. Ine ndikuphunzira za malamulo ku Zomba, chaka chachitatu, panopa ndili pa holide kwathu ku M'baluku. Semesita yathayi tinapanga public international law ndipo gawo lija la makhothi oweruza milandu ya kunkhondo ndi yopulula mitundu ya anthu landilowa m'magazi moti ndikufuna dissertation yanga idzakhale ya zimenezo. Ndiye ndakhala ndikufufuza pa intaneti, ndapeza kuti ku Ulaya kumakhala ma summer school a international criminal law, ya Leiden University imachitikira ku The Hague ku Netherlands komwe kuli ICC (International Criminal Court, khothi la mayiko onse loweruza milandu imeneyi) komweko, ina ku Galway ku Ireland, ina inkachitikira ku Salzburg ku Austria, zambiri ndi za sabata imodzi kapena awiri pakati pa June ndi August.

Vuto ndi ndalama basi. Fizi, tikiti, pogona, viza, ukawonkhetsa mu ma euro kenako uziike mu kwacha mutu umachita kuwawa. Amalume anga a ku Joni anati tikiti atha kuthandiza ngati zinthuzo zili zaphindu, ndiye mayi akuti zotsalazo tigulitse kapuloti kathu ka ku Mpondasi, koma ine mtima sukundilola. Kodi satifiketi yake imathandizadi pofuna ntchito kapena masters? Nanga viza imavuta bwanji kwa mwana wasukulu amene ku akaunti kwake kuli mbee? Ndithandizeni nzeru chonde ndisanawayankhe amalume.

Loya wa pa Boma

Mng'ono wanga, choyamba puloti musagulitse, awuze mayi kuti achemwali ena pa gulupu akana. Kozi ya masabata awiri siisintha munthu kukhala loya wa ku The Hague, satifiketi yake imangonena kuti unalipo ndipo unamvera, ndipo ukadzabwera kuno udzayenerabe kumaliza digiri, kudutsa ku MILE (sukulu yophunzitsa ntchito ya uloya ukamaliza digiri), kulemba mayeso ako ngati wina aliyense. Pa CV imakongola inde, makamaka ukamadzafunsira masters, koma anthu osankha aja amayamba kuyang'ana magiredi ako ndi zomwe unalemba. Ndiye maganizo anga ndi akuti upite pokhapokha wina akulipirire mbali yaikulu. Masukulu ambiriwa amakhala ndi malo ochepa ochotsera fizi ana ochokera mayiko ngati lathu, ndipo Hague Academy of International Law, ija imachitikira mu Peace Palace, imapereka ma scholarship, ngakhale kozi yake ya masabata atatu ndi ya public international law yonse osati ya milandu yokha. Chomwe chimagwetsa anthu ndi nthawi, mafomu a thandizo amatsekedwa miyezi yambiri kozi isanayambe, ukadzidzimuka mu May ndiye kuti za chaka chimenecho zapita.

Tsono pa motivation letter ndi pomwe ndikufuna undimvetsere bwino, chifukwa ana athu ambiri amalemba zija zoti ndimakonda chilungamo kuyambira ndili wamng'ono, zomwe aliyense padziko lapansi amalemba. Iwe ndiwe Mmalawi, ndipo Malawi ali m'mabuku a phunziro limeneli. Tinalowa mu Rome Statute, pangano lomwe linakhazikitsa ICC, mu 2002, chaka chomwe khothilo linayamba. Mu October 2011 Omar al-Bashir, mtsogoleri wa Sudan nthawi imeneyo, anabwera ku Lilongwe ku msonkhano wa COMESA nthawi ya Bingu, ali ndi zikalata ziwiri zomumangira pa nkhani ya Darfur, cha 2009 ndi cha 2010 chomwe chinaonjezera mlandu wa genocide, kupulula mtundu wa anthu. Sitinamugwire, anadya nsima n'kubwerera kwawo. Boma linati munthuyu ndi mtsogoleri wa dziko lomwe silili mu ICC ndiye ali ndi chitetezo, komanso African Union inali itagwirizana kuti mayiko ake asamumange. Mu December chaka chomwecho majaji a Pre-Trial Chamber, gawo la ICC loona nkhani mlandu usanayambe kuzengedwa, anagamula kuti Malawi walephera udindo wake, n'kunena kuti chitetezo cha mtsogoleri wa dziko sichigwira ntchito pamaso pa khothi la mayiko onse. Chigamulo chimenecho akatswiri anakangana nacho kwambiri, ena amati majaji anangodumpha Article 98 ya Rome Statute (yolemekeza chitetezo cha akuluakulu a mayiko ena) osaifotokoza bwino pomwe ikuwombana ndi Article 27 (yoti udindo suteteza munthu ku ICC), ndipo mkanganowo unapitirira mpaka pa milandu ya South Africa ndi Jordan, omwenso sanamugwire Bashir. Kenako mu 2012 mayi Joyce Banda atalowa anati Bashir asabwere, AU inakakamira kuti ayitanidwe, mapeto ake msonkhano womwe umayenera kuchitikira ku Lilongwe mu July unasamukira ku Addis Ababa. Dziko limodzi, miyezi yosakwana khumi, mayankho awiri osiyana. Ukalemba tsamba limodzi labwino pa zimenezi, kuti iwe ukuona bwanji ndipo ukufuna kukafunsa chiyani, amene akuwerengayo sangakuiwale. Chigamulocho chili pa webusayiti ya ICC mwaulere, chiwerenge holide yomwe ino.

Che Namwera

Mwanawe ine sindine loya, ndine mphunzitsi wopuma, koma nkhani ndimamvera. Khothi limenelo ndani amene linamanga? Lubanga wa ku Congo, Ntaganda wa ku Congo, Ongwen wa ku Uganda amene naye anachita kubedwa ali mwana, wina uja wa ku Mali anagumula manda a ma sheikh ku Timbuktu. Gbagbo, mtsogoleri wakale wa Ivory Coast, anamusunga zaka zambirimbiri kenako akuti alibe mlandu. America, Russia, China onse sali mmenemo. Ndiye amalume ako azivutika ku Joni kuti iwe ukaphunzire mmene azungu amaweruzira anthu akuda? Pano pa Mangochi milandu yatha? Pita pa khothi la majisitireti Lolemba mmawa ukaone anthu ali pa rimandi opanda woayankhulira, milandu ya malo m'mbali mwa nyanjamu anthu akulandidwa madooko, ana aakazi akukwatiwa asanathe pulayimale, achinyamata akudutsitsidwa pa Chiponde osadziwa komwe akupita. Holide imeneyo ukanapempha kukathandiza ku Legal Aid ukanaphunzira zambiri, ndipo transipoti yake ndi ya kabaza.

Mnyamata wa ku Malindi

Che Namwera ulemu wanu bambo, za Legal Aid zo ndikugwirizana nanu ndithu, koma pa khothipo pang'ono ndikutsutseni. Milandu yambiri ya mu Africa muno anakaitula okha ndi maboma athu, Uganda, DRC, Central African Republic, Mali, onsewa anachita kuitana ICC. Ya Darfur inachokera ku Security Council mu 2005. Komanso zinthu zasuntha, mu 2023 anatulutsa chikalata chomangira Putin, mu 2024 cha Netanyahu, ndipo mu March 2025 Duterte wa ku Philippines anamukweza ndege mpaka ku The Hague. Kuti amphamvu enieniwo adzafikadi mu khothimo ndi nkhani ina, pamenepo dandaulo lanu ndi lomveka. Koma nafenso a mu Africa titapanga Malabo Protocol mu 2014 yoti tikhale ndi khothi lathu la milandu imeneyi tinalembamo kuti mtsogoleri amene ali pampando asazengedwe mlandu, ndiye mwina tikufunika maloya athu odziwa bwino zinthuzi kuti azitifunsa mafunso ovuta kunoko. Ndipo Habré, mtsogoleri wakale wa Chad, anaweruzidwa ku Dakar mu 2016, ndi majaji a mu Africa.

Achemwali, ine ndinapitako ku The Hague pa kozi yaifupi ngati imeneyo, fizi anandichotsera, tikiti inalipiridwa ndi bungwe lomwe ndimagwirako ntchito nthawi imeneyo. Zam'kalasi kunena zoona zambiri mutha kuziwerenga nokha, ma modes of liability, command responsibility, complementarity, zonsezo zili m'mabuku. Chomwe simungachipeze m'buku ndi anthu. Amene akukuphunzitsani mmawa ndi munthu woti masana akukaima pamaso pa majaji, wina wa ku ofesi ya prosecutor, wina woimira oimbidwa mlandu, wina woimira anthu ochitiridwa nkhanza, ndipo pa tea break mutha kumufunsa chilichonse. Tsiku lomwe anatitengera ku khothi ndi lomwe ndimalikumbukirabe. Mumasiya foni ndi chikwama pansi, mumakwera kukakhala ku public gallery kuseri kwa galasi lalikulu, mwavala mahedifoni mukusankha English kapena French, munthu amene mwakhala mukumuwerenga m'manyuzi ali apo wavala suti akulemba timanotsi ngati kalaliki. Mboni yotetezedwa simuiona nkhope, mawu ake amawasokoneza dala, ndiye mwadzidzidzi jaji amati tikulowa private session, mahedifoni aja zii, mukungoona milomo ikuyenda. Mlandu umayenda pang'onopang'ono mosayerekezeka, ola lonse atha kukangana za tsamba limodzi la chikalata. Anzanga ena anatuluka atakhumudwa, ine ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake milandu imeneyi imatha zaka.

Za viza. Netherlands ndi Austria ali mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, Ireland ayi, ili ndi zake. Ya Schengen amafuna kalata yokulandirani ku sukuluko, umboni wa pogona, tikiti yopita ndi kubwerera, inshulansi ya chipatala yofika 30,000 euro, ndi umboni wa ndalama. Akaunti yanu ikakhala yopanda kanthu si mlandu, wokulipiriraniyo alembe kalata ndi kupereka ma statement ake, koma asathire ndalama zambiri mu akaunti yanu sabata imodzi musanakapereke mafomu, amaona ndipo amakayikira. Chachikulu amafuna kukhutira kuti mubwerera, ndiye tengani kalata ya ku faculty yonena kuti ndinu wophunzira ndipo mwatsala ndi chaka. Mafomu amalola kupereka ngakhale kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, musadikire. Forex nayo yambani kuisaka msanga ku banki, mukudziwa mmene zakhalira chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023, mwina amalume kulipira fizi kuchokera ku Joni komweko kungaphweke kusiyana ndi kutumiza ndalama kuno kuti muzikasakanso ma euro.

Pogona ndi pomwe pamadya ndalama kuposa chakudya. Sakani hostel kapena chipinda cha mwana wasukulu amene wapita ku holide, muziphika nokha, buledi ndi mazira za mu supermarket sizipweteka. Ndipo musanamizidwe ndi dzina loti summer, kwa munthu wa ku Mangochi kuja kumazizira, mphepo ya ku Scheveningen, kugombe la nyanja ku The Hague, ikamawomba ndi mwera weniweni, tengani jekete. Dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, Asilamu anzanga nthawi za swala muzionere pa foni, mukadalira maso musokonezeka.

Nachisale wa ku Monkey Bay

Bwanji aliyense akungoti Ulaya Ulaya? Arusha ya ku Tanzania ili pompa apa, basi ya ku Dar kudzera pa Songwe mwafika, za viza ya Schengen palibe. Khothi la Rwanda lija ICTR linali kumeneko mpaka 2015, ndi komwe Akayesu, yemwe anali meya ku Rwanda, anapezeka wolakwa mu 1998, koyamba khothi la mayiko onse kugamula mlandu wa genocide ndi kunena kuti kugwiririra amayi kutha kukhala mbali ya genocide. Panopa kuli nthambi ya Mechanism, khothi la UN lomwe linalowa m'malo mwa ICTR, yomwe inatsala ndi ntchito zake ndi mafayilo ake, komanso African Court on Human and Peoples' Rights ili konko, amatenga ma intern. Chinanso lowani moot, mpikisano wa ophunzira woyeserera kuzenga mlandu m'khothi. Ya Red Cross ya international humanitarian law, ya African Human Rights Moot ya ku Pretoria, ndipo ilipo ya ICC yomwe ma final ake amachitikira ku The Hague konko. Ukapita ngati timu ya sukulu kupempha thandizo kumaphweka kusiyana ndi kupempha wekha, ndipo umabwera utadziwa kuyankhula pamaso pa jaji osati kungokhala pa mpando kumvera. French yambaniponi pano ngakhale ya pa foni, ku ICC zinenero zogwirira ntchito ndi ziwiri zokha.

Mwana wa ku M'baluku

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Achemwali a pa Boma chigamulo cha Bashir ndachipeza, ndayamba kuwerenga usiku netiweki itakhazikika, chili ndi yankho lomwe boma lathu linatumiza, sindimadziwa n'komwe kuti tinayankha. Che Namwera musadandaule Lolemba ndipita pa khothi paja, ndikafunsenso ku Legal Aid ngati angandilandire masabata atsalawa. Mayi ndawauza kuti puloti ikhale. Funso lina kwa achimwene a ku Malindi, nanga internship ya ku ICC yeniyeniyo, ndingafunsire ndisanamalize digiri? Ndipo amalipira?

Mnyamata wa ku Malindi

Amalandira amene ali ndi digiri kapena ali kumapeto kwenikweni kwa maphunziro, ndiye inu dikirani chaka chomaliza. Imakhala miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Malipiro musawerengere, ambiri amadzilipirira okha, thandizo limapezeka la anthu ochepa ochokera mayiko osauka ndipo amalemba pa vacancy pomwepo ngati lilipo, ndiye muziwerenga iliyonse payokha. Miyezi isanu ndi umodzi ya renti ku The Hague ndi ndalama yoposa ya summer school kutalitali, nkhani imeneyo amalume muwayambe nayo padakali pano. Komanso musanalipire dipoziti ya kozi iliyonse onani kalendala ya ku sukulu kwanu, June ndi July kwa iwowo ndi holide koma kwa inu atha kukhala masabata a mayeso.