Lambda wakana kutsika pa masampulo a ku Brazil: odwala ambiri ndi a ku Salvador, osadwala ambiri a ku Pelotas

Wasampulo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tili ndi GWAS (kafukufuku wosanthula DNA yonse kufuna malo ogwirizana ndi matenda) ya matenda a impso okhalitsa, masampulo onse ochokera ku Brazil: odwala 900 ndi osadwala 1,100. Mwa odwalawo 630 ndi a mumzinda wa Salvador kumpoto chakummawa, 270 a mumzinda wa Pelotas kummwera. Osadwala ndi 220 a ku Salvador, 880 a ku Pelotas. Popanda ma PC (principal components, manambala ochokera mu PCA oonetsa kusiyana kwa makolo a anthu) lambda, muyeso wa kufufuma kwa zotsatira umene uyenera kukhala pafupi ndi 1, anali 1.6, ndipo QQ plot (chithunzi choyerekeza zotsatira ndi zimene zikanabwera mwamwayi chabe) inapatuka pa mzere kuyambira kumunsi komwe. Titaika ma PC 10 watsika kufika 1.15, basi wakakamira pomwepo. Nsonga zazitali pa Manhattan plot (chithunzi cha zotsatira motsata ma chromosome) zili pa jini ya ACKR1, pa jini ya SLC24A5, ndi ina pa chromosome 22 pafupi ndi jini ya APOL1. Kusefa kwa Hardy-Weinberg (kochotsa malo ooneka ngati anawerengedwa molakwa) nakonso kwataya ma SNP, malo a DNA amene anthu amasiyana chilembo chimodzi, ochuluka zedi. Tikweze ma PC afike 20, kapena vuto lili kwina?

Nachiwerengero:
Achimwene, ma PC 20 ayambe adikira. Nsonga ziwiri zoyambazo sizikunena za impso, zikunena za kumene makolo a anthuwo anachokera. SNP ya rs2814778 ya pa ACKR1 ili pafupifupi mwa aliyense kumadzulo ndi pakati pa Africa, pomwe ku Ulaya sipezeka kwenikweni. rs1426654 ya pa SLC24A5 ndi yotembenuza, yadzaza ku Ulaya. Ziwirizi zikatulukira limodzi, dziwani kuti mwayerekeza mizinda, osati matenda.

Kafukufuku wa EPIGEN-Brazil wa 2015, wa anthu 6,487, anapeza kuti ku Salvador pafupifupi theka la DNA ndi lochokera ku Africa, pomwe ku Pelotas ndi pafupifupi 16 peresenti yokha, gawo la ku Ulaya kumeneko likupitirira 75 peresenti. Ndiye tengani cholembera. SNP ngati rs2814778, kapezekedwe kake kakhala pa 0.50 ku Salvador ndi 0.16 ku Pelotas. Odwala anu 7 mwa 10 ndi a ku Salvador, ndiye mwa odwala ikhala pa 0.40. Osadwala 2 okha mwa 10 ndi a ku Salvador, ndiye mwa iwo ikhala pa 0.23. Odds ratio yake (muyeso wa kusiyana pakati pa odwala ndi osadwala, 1 kutanthauza palibe kusiyana) ikuposa 2, SNP-yo isanakhudze impso ya munthu ndi mmodzi yemwe. Zomwezi zikuchitika mochepa pa ma SNP zikwizikwi, n'chifukwa chake QQ plot ikupatukira kumunsi.

Za Hardy-Weinberg gwero lake ndi lomweli. Mukaphatikiza magulu awiri ofanana kukula, lina pa 0.50 lina pa 0.16, mupeza 0.33 ndipo muyembekezera ma heterozygote (anthu a makope awiri osiyana) 0.44. Koma enieni adzakhala 0.38. Pulogalamu iyesa kuti chip yowerengera DNA inawerenga molakwa, nkutaya SNP yabwinobwino, ndipo zotayidwazo ndi zija zimene zimasiyanitsa bwino makolo. Bwezerani zonse, musefe mzinda uliwonse paokha, mwa osadwala okha.

Wamakina:
Ndikugwirizana ndi achemwali. Ine ndikukayikiranso ma PC 10 amenewo. Munawapanga bwanji? Ngati munangoponya ma SNP onse mu PCA, ena mwa ma PC-wo akutsata chigawo chimodzi cha chromosome, osati makolo. Chitani motere. Sungani ma SNP okhawo amene MAF yawo (kapezekedwe ka chilembo chosowa kwambiricho) ikuposa 0.05. Chotsani chigawo cha HLA pa chromosome 6, kuyambira 25 mpaka 35 Mb, chotsaninso inversion (chigawo chotembenuka) ya 8p23 pa chromosome 8 ndi dera la LCT pa chromosome 2. Kenako dulirani ma SNP oyendera limodzi ndi --indep-pairwise 50 5 0.2 mu pulogalamu ya PLINK. Mukatero jambulani loading (kulemera kwa SNP iliyonse) ya PC iliyonse motsata chromosome. PC yabwino imamwazika pa ma chromosome onse. Ikaunjikana pamalo amodzi, imeneyo ndi yotaya.

Chachiwiri ndi achibale. Njira ya IBD (yopezera achibale) ya mu PLINK imaganiza kuti anthu onse ndi a gulu limodzi, ndiye anthu awiri amene onse ali ndi gawo lalikulu la ku Africa amaoneka ngati apachibale pomwe sadziwana nkomwe. Gwiritsani PC-AiR ndi PC-Relate za mu GENESIS. Malire a kinship (muyeso wa chibale) ndi 0.0884 pa achibale a digiri yachiwiri, 0.0442 pa yachitatu.

Ndipo pakani utoto madontho a PCA motsata plate (thireyi ya masampulo mu labu) ndi tsiku lotulutsa DNA. Ngati odwala anali pa ma plate awoawo, osadwala pa awoawo, muli ndi vuto lachiwiri limene likubisala kumbuyo kwa loyambali.

Wasampulo:
Ma plate anasakanizidwa, odwala ndi osadwala ali pa plate iliyonse. HLA sitinachotse. M'mafomu muli khungu limene munthu anadzitchula yekha: branco (woyera), pardo (wosakanikirana), preto (wakuda). Kodi tikaliika ngati covariate (chinthu chowongolera mu model) silingagwire ntchito ya mzinda?

Mkulu wa labu:
Ayi mwanawe, zimenezo musayese. Mawu amenewo ndi a kalembera wa boma, ndipo pa kalembera wa 2022 a pardo ndiwo anali gulu lalikulu, 45.3 peresenti. Koma pardo wa ku Salvador ndi pardo wa ku Belém si ofanana pa DNA. Wa ku Salvador gawo lake losakhala la ku Ulaya limakhala la ku Africa kwambiri, wa ku Belém, kumpoto ku Amazon, limakhala la eni nthaka a ku America. Nayenso branco wa ku Salvador kawirikawiri ali ndi gawo la ku Africa loposa la branco wa kummwera. Khungu limayendetsedwa ndi majini ochepa, ndipo pakadutsa mibadwo yambiri ya kukwatirana majini amenewo amalekana ndi DNA yotsalayo. Musalitaye funsolo, chifukwa limanena zambiri za umphawi, tsankho ndi kapezedwe ka chipatala, zinthu zimene zimakhudza impso ndithu. Koma siloyezera makolo.

Pa ADMIXTURE, pulogalamu yoyeza magawo a makolo mu DNA, samalani magulu oyerekezera. Ambiri amangotenga YRI (Ayoruba a ku Nigeria), CEU (a makolo a kumpoto ndi kumadzulo kwa Ulaya) ndi PEL (a ku Peru) za mu nkhokwe ya 1000 Genomes nkuika K=3, kutanthauza magulu atatu a makolo. Kwa Brazil IBS (a ku Spain) ndiyo yoyandikira kuposa CEU, chifukwa atsamunda anali Apwitikizi. Kummwera kunabweranso Ajeremani kuyambira 1824 ndi Ataliyana kuyambira m'ma 1870, ndiye CEU ndi TSI (a ku Italy) zikhalemo. Mbali ya Africa YRI yokha sikwanira. Anthu oposa 4 miliyoni anatengedwa ukapolo kupita ku Brazil, ndipo sanachokere malo amodzi: ku Bahia kunafika ambiri a ku gombe la Benin, pomwe Rio de Janeiro inalandira ambiri a ku Angola, kenako a ku Mozambique m'zaka za m'ma 1800. Kusiyana kumeneku kumaonekabe mu DNA lero, choncho ikanimo LWK (Aluhya a ku Kenya). Sigwirizana ndendende ndi Angola kapena Mozambique, koma ndi ya olankhula zinenero za Bantu. PEL nayonso ndi yosakanikirana kale, sankhanimo okhawo amene gawo lawo la eni nthaka ndi lokwera kwambiri. Karitiana ndi Surui za mu nkhokwe ya HGDP ndi mitundu ya eni nthaka a ku Brazil komweko, koma ndi magulu aang'ono amene anakhala paokha nthawi yaitali, moti mukakweza K amangodzitengera gulu lawolawo.

Pophatikiza mafayilo chotsani ma SNP a A/T ndi C/G, ndipo onetsetsani kuti onse ali pa build (mapu a DNA ya munthu) imodzi. Hg19 yosakanizidwa ndi GRCh38 imabala PC 1 yongolekanitsa fayilo yanu ndi ya eni ake.

Wamakina:
Zikakonzedwa zimenezi, ine ndingayendetse pulogalamu ya GWAS ya SAIGE kapena REGENIE pa anthu onse 2,000, mzinda ndi ma PC ngati ma covariate. Kugawa masampulo motsata mzinda kumadya mphamvu ya kafukufuku.

Nachiwerengero:
Mphamvu imene mukuiopayo kunalibe chiyambire, achimwene. Werengerani N yogwira ntchito (kukula kwenikweni kwa kafukufuku), 4/(1/odwala + 1/osadwala). Salvador ikupereka 652, Pelotas 826, pamodzi 1,478. Mukaphatikiza onse mupeza 1,980, koma 500 yapamwambayo ndi yoyerekeza wodwala wa ku Salvador ndi wosadwala wa ku Pelotas, ndipo mukangoika mzinda mu model imachoka yokha. Ubwino wogawa ndi woti ma PC a mzinda uliwonse amagwira zosiyana za mkati mwa mzindawo, ndipo mumaona ndi maso ngati chotsatira chikuloza mbali imodzi m'malo onse awiri. Pangani ma PC atsopano mzinda uliwonse, yendetsani paokha, phatikizani zotsatira ndi pulogalamu ya METAL, muonenso heterogeneity (kusiyana kwa zotsatira za mizinda iwiriyo). Njira yanuyo ikhale yotsimikizira.

Mwayi wake ndi woti mizinda yonse iwiri ili ndi odwala ndi osadwala. Odwala onse akanakhala a ku Salvador, osadwala onse a ku Pelotas, palibe pulogalamu imene ikanapulumutsa ntchitoyi.

Mkulu wa labu:
Chimene chikundikhudza ine ndi chromosome 22. Musaikolope pamodzi ndi zinazo. APOL1 ndi yeniyeni pa impso: mu 2008 chizindikirocho chinkaikidwa pa MYH9, jini yoyandikana nayo, mpaka mu 2010 pamene G1 ndi G2, mitundu iwiri ya APOL1, zinadziwika. Vuto ndi loti zimapezeka pa DNA yochokera ku Africa yokha, ndiye nsonga yanuyo ikhoza kukhala theka yoona, theka ya mzinda. Iyeseni mkati mwa Salvador, ndi model ya recessive: ngozi imakwera mwa amene ali ndi makope awiri, G1/G1, G1/G2 kapena G2/G2. Model ya additive, yoti kope lililonse limawonjezera ngozi mofanana, imaifooketsa. G1 ndi rs73885319 ndi rs60910145. G2 ndi rs71785313, kusowa kwa ma base (zilembo za DNA) 6, ndipo ma chip ambiri saiwerenga bwino, choncho musadalire imputation (kuyerekezera zimene chip sinawerenge) yokha. Chitaninso phasing (kulekanitsa kope la mayi ndi la bambo), muyendetse RFMix yoyeza makolo pa chigawo chilichonse, muike makolo a pa chigawo chomwecho mu model. G1 ndi G2 zikakhalabe ndi mphamvu pamenepo, ndiye kuti si makolo chabe. Pomaliza patulani odwala a shuga. Pa impso zowonongeka ndi shuga APOL1 sioneka kwambiri, imaonekera pa FSGS (zipsera m'tizosefera ta impso), pa matenda a impso a HIV, ndi pa aja amati ndi a kuthamanga kwa magazi.

Wasampulo:
Zikomo nonse. PC 4 ndi PC 7 zinali za HLA ndi 8p23. Titagawa, lambda ndi 1.03 ku Salvador, 1.02 ku Pelotas. ACKR1 ndi SLC24A5 zazimiririka. Chromosome 22 yatsala ku Salvador koma siyikufika 5e-8, malire ovomerezera chotsatira cha GWAS. Ndalama zotsala zingakwane masampulo ena 300. Tiwatenge kuti?

Nachiwerengero:
Onse 300 akhale osadwala a ku Salvador, ochokera m'madera omwe odwalawo amakhala komanso a misinkhu yofanana nawo. Akafika 520, N ya Salvador ichoka pa 652 kufika 1,139. Mukawatenga ku Pelotas ingochoka pa 826 kufika 879. Pa plate iliyonse yatsopano bwerezanipo odwala angapo akale kuti muone ngati kuwerenga masampulo pa nthawi zosiyana (batch) kwasintha kanthu, ndipo G1 ndi G2 muziwerenge mwachindunji ndi njira ya mu labu ya TaqMan mwa onse a ku Salvador, akale ndi atsopano omwe.