Makamera ozindikira nkhope ku Asda, mukuti bwanji?

WaKuZomba: Abale amene muli kuno ku UK, mu 2025 Asda inayamba kuyesa makamera ozindikira nkhope m'masitolo 5 ku Greater Manchester, akuti ndi ogwirira akuba. Munthu ukungofuna buledi basi nkhope yako akuifananiza ndi za mbava, zimenezi nzabwino?

MayiAwiri: Achimwene sizinayambe lero izi, masitolo a Southern Co-op anayamba kale ndi makamera otere a kampani ya Facewatch mpaka a Big Brother Watch, gulu lomenyera ufulu wa anthu, anakadandaula ku ICO, bungwe loteteza zinsinsi za anthu ku UK, mu 2022. Chondiopsa ine nchoti makinawa amalakwitsa kwambiri pa ife akhungu lakuda, akakusokoneza ndi wakuba udzadziteteza bwanji pagulu?

Nkhotakota77: Musaiwalenso mitengo. Nectar, khadi la makasitomala a masitolo a Sainsbury's, imapatsa aliyense mitengo yakeyake pa zinthu zina potengera zomwe amagula, shuga yemweyo wina otchipa wina odula, ayi sichilungamo chimenecho.