App ikukana kulumikizana ndi seva ya pa laputopu

Mphunzitsi, Dedza boma:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ophunzira anga akupanga app ya Android mu Kotlin yolembera mitengo ya kachewere ndi kabichi m'misika ya Bembeke, Lizulu ndi Tsangano. Seva ndi XAMPP (pulogalamu yosandutsa kompyuta kukhala seva) pa laputopu, ndipo mu Retrofit, chida chimene app imalankhulira ndi seva, alemba http://localhost/msika/. Pa laputopupo JSON, data imene seva imabweza, ikubwera bwinobwino, koma pa foni palibe chikutuluka. Emulator, foni yoyerekeza ya pa kompyuta, tinaisiya chifukwa makompyuta a mu labu ali ndi RAM ya 4 GB basi.

Wopanga ma app, Ntcheu:
Aphunzitsi, vuto layambira pa localhost pomwepo. Foni ikawerenga mawu amenewo imadzifufuza yokha, siyang'ana laputopu ayi. Pa emulator mukanalemba 10.0.2.2, koma imeneyo pa foni yeniyeni sigwira.

Chitani chonchi. Mu Settings ya foni dinani Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, kenaka yatsani USB debugging. Lumikizani chingwe n'kulemba adb devices pa laputopu (adb ndi chida cholamulira foni kuchokera pa kompyuta). Ikati unauthorized, yang'anani pa foni, pali uthenga wodikira kuti muvomereze. Ikaoneka bwino lembani lamulo ili, limene limatumiza zimene app yapempha pa port 8080 ya foni ku port 80 ya laputopu:

adb reverse tcp:8080 tcp:80

Adiresi mu Retrofit ikhale http://127.0.0.1:8080/msika/ ndipo kamzere komalizako (/) musakaiwale, Retrofit imakana baseUrl yopanda iko. Tatenga 8080 chifukwa foni silola app wamba kutsegula ma port osakwana 1024, pamene Apache, seva ya mu XAMPP, ili pa 80.

Mphunzitsi, Dedza boma:
Zikomo achimwene. Mafoni asanu ndi anayi aoneka, atatu adb sikuwaona n'komwe. Pa amene aonekawo Logcat, poonekera mauthenga a zolakwika za app, ikuti CLEARTEXT communication not permitted.

Mlangizi wa mu labu, Lizulu:
Atatuwo yambani mwasintha zingwe. Zingwe zambiri zotchipa n'zotchajira zokha, mulibe mawaya onyamula data. Foni imaonetsa kuti ikutchaja, mwana n'kumavutika ndi ma driver tsiku lonse pachabe. Chingwe chikakhala chabwino m'pamene muganizire za driver wa Windows.

Za CLEARTEXT: kuyambira pa Android 9, API 28, app siloledwa kugwiritsa ntchito http yopanda s pokhapokha mutailoleza nokha. Njira yachidule ndi kuika android:usesCleartextTraffic="true" mu application ya AndroidManifest.xml.

Wopanga ma app, Ntcheu:
Achemwali, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Yachiduleyo imatsegula chitseko cha adiresi iliyonse, ndipo chimene mwana waphunzira m'kalasi ndi chomwe adzapite nacho ku ntchito. Apange network_security_config.xml mu res/xml, alolemo cleartextTrafficPermitted pa 127.0.0.1 yokha, n'kuitchula mu manifest. Kuli bwino kwambiri ikakhala mu src/debug, kuti app yopita kwa anthu isatenge chilolezocho. Ndi mizere yochepa, koma amvetsa chifukwa chake lamuloli linaikidwa.

Mlangizi wa mu labu, Lizulu:
Zoonadi achimwene, ndavomera. Ndiwonjezere ziwiri zimene mukumane nazo mawa, aphunzitsi. Ena aiwala uses-permission ya android.permission.INTERNET. Ena aitana execute() mkati mwa onCreate, app n'kudzitseka ndi NetworkOnMainThreadException, poti Android siyilola ntchito ya intaneti pa thread yomwe ikujambula sikirini. Agwiritse ntchito enqueue() kapena suspend fun.

Komanso adb reverse imafufutika mukangozula chingwe. Muilembe pa bolodi, aziibwereza akalumikiza.

Mphunzitsi, Dedza boma:
Zatheka. Awiri vuto linali zingwe, mmodzi driver. Mitengo ya ku Bembeke yatuluka mu RecyclerView, mndandanda wa pa sikirini, pa mafoni onse 12. Sabata yamawa tilowa mu Room, chida chosungira data pa foni, kuti wolemba mitengo akakhala ku Tsangano netiweki itasowa asunge kaye pa foni, adzatumize akafika poti ikugwira. Amene muli ndi njira yabwino yophunzitsira WorkManager, yomwe imadikira netiweki n'kutumiza yokha, mundiponyere.