Abwana akuti tiyambe agile mu newsroom koma nkhani sizidikira sprint, ndipange bwanji?

Mwaswera bwanji nonse. A admin ndapempha kuti dzina langa lisaoneke chifukwa anzanga akuntchito ambiri ali pagulu pomwe pano, ndipo sindikufuna zimveke ngati ndikunyoza kampani, ntchito yanga ndimaikonda.

Ndimagwira ku kampani ina yaikulu yofalitsa nkhani kuno ku Blantyre, ili ndi nyuzipepala, wailesi, TV komanso mbali ya pa intaneti. Chaka chatha anandikweza kuti ndiziyang'anira desiki ya digito, pansi panga pali anthu 9, atolankhani 4, wojambula mavidiyo, wa ma graphics, mtsikana woona za Facebook ndi TikTok, ndi anyamata awiri a IT osamala website ndi app.

Miyezi itatu yapitayo abwana akulu anabwera kuchokera ku workshop kunja ndi liwu limodzi pakamwa, agile, kagwiridwe ka ntchito kopanga zinthu pang'onopang'ono nkumakonza mukupita. Anatisonkhanitsa mu boardroom nkutiuza kuti zoti uyu ndi wa nyuzi uyu ndi wa wailesi zatha, tonse tikhala m'ma squad, timagulu tosakaniza anthu a ntchito zosiyanasiyana, ngati a Spotify, kampani ya nyimbo za pa intaneti ija, ndipo desiki yanga ndi yoyamba kuyesa. Ine sindinakane chifukwa mavuto amene akufuna kuthetsawo ndi enieni. Nkhani imodzi timatumizako anthu atatu, wa nyuzi, wa wailesi ndi wa TV, magalimoto awiri, ndi kuvuta kwa mafuta kuno, onse kukafunsa munthu mmodzi funso lomwelomwelo. Vidiyo imagona masiku anayi kudikira woivomereza, pomwe ikutuluka ma page a pa Facebook anaitafuna kalekale. App yathu yatha zaka ziwiri ikukonzedwabe. Nde ndinati tiyeni tiyese.

Ndinawerenga Scrum Guide, yomwe imafotokoza Scrum, imodzi mwa njira za agile, ndi yaifupi komanso yaulere pa intaneti. Tinayamba ma sprint a masabata awiri, ndiye kuti nthawi yoikika yoti timalize ntchito zomwe talonjezana, Lolemba kupanga pulani, m'mawa uliwonse 8 koloko stand-up ya mphindi 15 aliyense anene zomwe anapanga dzulo, zomwe apange lero ndi chomwe chikumutsekereza, ntchito zonse tinaziika pa Trello, bolodi la pa intaneti lolembapo ntchito.

Sprint yoyamba inafa Lachitatu lake lomwelo. Kunagwa nkhani yaikulu kukhoti, atolankhani onse anathamangira komweko, zomwe tinalonjezana Lolemba zinangokhala pa Trello osakhudzidwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Pano tili pa sprint ya nambala 6 ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe tinafikako theka la zomwe tinalemba, anyamata ayamba kugwa ulesi chifukwa Lachisanu lililonse lomaliza zimaoneka ngati sanagwire ntchito chonsecho anthu akuweruka usiku.

Vuto lina ndi mabwana. Papepala product owner ndi ine, ndiye kuti ndine woyenera kunena chomwe chiyambe ndi chomwe chidikire. Koma mkonzi wa nyuzi, news editor wa wailesi ndi a marketing aliyense amangotumiza WhatsApp kwa mnyamata yemwe akumufuna, "tandipangire ichi changu", ine ndimadzazindukira madzulo ntchito itachitika kale. Mnyamatayo angakane bwanji poti onsewo ndi akuluakulu kuposa ine? Abwana akulunso amabwera ku stand-up, iwo amakhala pampando ife chiimirire, mphindi 15 zimasanduka ola lathunthu la mafunso ndipo palibe amene amanenanso chomwe chikumuvuta, aliyense amangoti zonse zili bwino.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi ichi. Mwa atolankhani anga muli achikulire ena, bambo amene anandiphunzitsa kulemba intro, ndime yoyamba ya nkhani, nditangochoka ku Poly. Sabata yatha anandiitanira pambali nkundiuza kuti mwanangu, ine ndinayamba ntchito iyi pa taipilaita, lero ndiziimirira pamaso pa ana kufotokoza zomwe ndinachita dzulo ngati wa Standard 5? Sanakalipe, analankhula modekha, nde zinandipweteka kwambiri. Kuyambira pomwepo sakubweranso ku stand-up ndipo ena ayamba kuwatsanzira.

Alipo pano amene anayesapo zimenezi ku media house kapena malo ena komwe ntchito imagwa mwadzidzidzi? Ndikulakwitsa ndine kapena agile sigwirizana ndi newsroom? Nanga achikulirewa ndiwatani osawachotsera ulemu?

MAYANKHO

Membala wa za IT ku Johannesburg:
Achemwali simukulakwitsa, mwangomanga ntchito ziwiri zosiyana pa goli limodzi. Agile inachokera kwa olemba mapulogalamu a kompyuta, anthu 17 anakumana ku Snowbird ku Utah mu 2001 nkulemba manifesto yawo, ndipo Scrum ya Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland imayenda bwino pomwe mukumanga chinthu chimodzi pang'onopang'ono ndipo mutha kutseka chitseko masabata awiri. App yanuyo ndi yotero. Anyamata awiri a IT ndi wa graphics apitirize ma sprint, asankhe kanthu kamodzi kakang'ono monga kuti munthu athe kumvera wailesi pa app osadukaduka, akatulutse anthu agwiritse ntchito, kenako china. Zaka ziwirizo zatha chifukwa akufuna kutulutsa zonse tsiku limodzi.

Koma nkhani ayi. Khoti silikudziwa za sprint yanu. Kumeneko gwiritsani Kanban, inachokera ku mafakitale a Toyota, ilibe zolonjezana za masabata awiri. Mumangojambula mizere pa bolodi, ganizo, ikutoledwa, ikulembedwa, ili kwa mkonzi, yatuluka, nkhani iliyonse kapepala kake. Chinsinsi chake ndi malire, mugwirizane kuti mzere uliwonse usapitirire mapepala angapo, tinene atatu, ukadzadza palibe kuyamba chatsopano mpaka china chituluke. Pamwamba musiye mzere wapadera wa nkhani zadzidzidzi. Mudzaona nokha kuti mavidiyo aja aunjikana pamzere wa "ili kwa mkonzi", ndipo aliyense wodutsa adzaona komwe madzi akutsekeka popanda inu kuloza munthu chala.

Membala wina:
Pepani abale agile yo nchani kwenikweni, tifotokozereni ena tikungomva

Membala wa za IT ku Johannesburg:
Achimwene ndi kagwiridwe ka ntchito koti m'malo mopanga pulani ya chaka chonse nkudzaona zotsatira kumapeto, mumagwira pang'ono, mumaonetsa, mumamva maganizo a ogwiritsa ntchito, mumakonza, ndipo timu yomwe ikugwirayo ndi imene imasankha kagwiridwe kake.

Mkonzi wopuma ntchito, Zomba:
Mwanangu, ndakhala mu newsroom zaka zambiri ndisanapume. Chimene mukuchitcha stand-up ife timachitcha diary meeting, m'mawa uliwonse aliyense amabwera ndi nkhani zomwe akutsata, mkonzi nkusankha ya tsamba loyamba. Bambo amenewo miting'i yotereyi akhalamo moyo wawo wonse, sakukana miting'i ayi. Chawapweteka ndi funso loti dzulo munapanga chiyani, chifukwa kwathu kuno funso limenelo amafunsa ndi wamkulu kwa wamng'ono. Mu diary meeting timakambirana za nkhani, osati za munthu. Mupite kwa iwo panokha, osati pagulu, muwapemphe kuti akuthandizeni kuyendetsa miting'iyo, muwauze zoona kuti yakukanikani. Munthu amene anakuphunzitsani intro sangakusiyeni mukugwa. Ndipo ana anuwo akufunika munthu wowauza kuti nkhani iyi sinapse, ntchito imeneyo palibe Trello ingaigwire.

Membala ku Leeds:
Asisi ine ndine scrum master kuno, wothandiza timu kutsata Scrum, zomwe anena adadiwa ndi zoona ndipo ngakhale Scrum Guide ili kumbali yawo. Mafunso atatu mukufunsawo anawachotsa mu 2020, panopa timu imasankha yokha mmene ikambirane bola zikhale za cholinga chake, ndipo palibe pomwe analemba kuti muziimirira. Khalani pansi ndi tiyi, muziyang'ana bolodi kuyambira nkhani yomwe yatsala pang'ono kutuluka kubwerera m'mbuyo, funso likhale loti nkhani iyi ikusowa chiyani kuti ituluke lero.

Abwana akulu malo awo si miting'i ya m'mawa, imeneyo ndi ya ogwira ntchito okhaokha. Malo awo ndi review, pomwe mumawaonetsa zomwe zatuluka iwo nkupereka maganizo. Za Spotify zonso muwauze mwaulemu kuti pepala lomwe linatchukitsa ma squad ndi ma tribe, magulu ophatikiza ma squad angapo, analemba Henrik Kniberg ndi Anders Ivarsson mu 2012, ndipo eni akewo ananena kuti akungofotokoza mmene ankagwirira nthawi imeneyo akuphunzirabe, sanalembe kuti ena akopere.

China, simunatchule retrospective, miting'i ya kumapeto kwa sprint yomwe timu imaunika mmene yagwirira ntchito, mukupanga? Kwa ine imeneyo ndi imene ndingasiye pomaliza zina zonse zitagwa. Koma a Malawi tikudziwana, pamaso pa bwana tonse timati zili bwino. Gawani timapepala aliyense alembe osaika dzina, chimodzi chomwe chikuyenda chimodzi chomwe chikupweteka, musankhepo chimodzi chokha choti mukonze masabata awiri akubwerawo. Chikakonzedwadi anthu ayamba kulankhula okha.

Mtolankhani wina, Lilongwe:
Ine ndinene zomwe ena akuopa kunena. Akati palibenso wa nyuzi kapena wa wailesi, wantchito amamva kuti munthu mmodzi azilemba, azijambula, aziwerenga pa wailesi, malipiro omwewo, ndipo awiri otsalawo akonzekere kalata. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu November 2023 ndalama zathu sizikufika pakati pa mwezi, pepala losindikizira nyuzi limachokera kunja ndi forex, aliyense akudziwa kuti makampani akufuna pochepetsera. Nde musadabwe anthu akuzemba. Mwawafunsa abwanawo maso ndi maso ngati ma squad wa sakubwera ndi retrenchment? Nanga bundle yotsegulira Trello yo akugula ndani, foni yojambulira ndi ya ndani?

Mwini funso:
Achimwene a ku Lilongwe mwandigunda penipeni. Sindinafunse, ndipo bundle anyamata amagula okha, allowance ya airtime sinasinthe chiyambireni. Ine ndimangoona ngati ndi ulesi osatsegula Trello kufildi, sindinaganize. Zikomo. Retrospective tinapanga kamodzi abwana ali pompo, inatha mphindi 10. Koma abale munthu amene anakukweza pantchito umamuuza bwanji kuti asamabwere ku miting'i ya kampani yake?

Membala woona za HR:
Amayi musawauze kuti asamabwere, muwapatse malo abwino kuposa amenewo. Mupemphe nthawi muofesi mwawo, munene kuti bwana nthawi yanu ndi yodula, ndikufuna Lachisanu lililonse lachiwiri tizikuonetsani zomwe zatuluka ndi manambala a owerenga. Ndipo musapite chimanjamanja. Masabata awiri akubwerawa lembani mu kope ntchito iliyonse yomwe yalowera pa WhatsApp, anatuma ndani, inadya maola angati, chinaima ndi chiyani chifukwa cha iyo. Osati kukaneneza anthu ayi, koma kuti aone okha kuti timu ya anthu 9 ili ndi mabwana anayi. Pempho lanu likhale limodzi, akonzi atatuwo azikumana nanu m'mawa mphindi zochepa mugwirizane mndandanda umodzi, chofunika kwambiri pamwamba, ndipo alengeze ndi abwana akuluwo pakamwa pawo kuti ntchito ya desiki ya digito izidzera kwa inu. Mukalengeza nokha sizimveka. Za retrenchment zonso mufunse tsiku lomwelo, ngati kulibe anene poyera pamaso pa onse, ngati iliko ndi bwino inu mudziwe musanalonjeze anthu anu zinthu.

Mkonzi wopuma ntchito, Zomba:
Ndiwonjezepo chimodzi mwanangu chifukwa chandikhala pamtima. A makompyutawa amati tulutsani msanga mudzakonza pambuyo. Pa app zili bwino. Pa nkhani musayerekeze. Mukalemba kuti munthu waba chonsecho sanabe, screenshot yafika kale kwa apongozi ake mphindi zisanu zisanathe, kupepesa kwa mawa sikungamubwezere mbiri yake, ndipo maloya akukudikirani. Pa bolodi lanulo mulembe pamwamba kuti nkhani yatha ikakhala kuti yatsimikizidwa ndi anthu oposa mmodzi, wonenedwayo wapatsidwa mpata woyankha, ndipo mkonzi waiwerenga. Za a marketing zikhale ndi mtundu wake wa pepala, zolipiridwa zisasakanikirane ndi nkhani.

Membala wina:
Bolodi likhale la pakhoma ndithu ndi ma marker, magetsi akazima kapena netiweki ikavuta limaonekabe. Amene ali kufildi mmodzi azilijambula nkuponya pa gulu la WhatsApp m'mawa ndi masana basi

Mwini funso:
Ndabweranso abale. Dzulo titaweruka ndinapita kwa achikulire aja ndinawauza mmene ananenera adadi a ku Zomba, kuti miting'i yandikanika ndikupempha thandizo. Anakhala chete kanthawi kenako anandifunsa kuti bolodilo likhala pati, akuti lisakhale kuseri kwa chitseko komwe kuli fotokope chifukwa palibe amene adzaliona. Avomera kuyendetsa miting'i ya m'mawa kuyambira Lolemba, tikhala pansi, ndipo mndandanda wa zoyenera kuona nkhani isanatuluke alemba okha. Atolankhani tisiya ma sprint tiyamba Kanban, a IT apitiriza masabata awiri awiri. Kope la ma WhatsApp ndayamba lero, pofika 3 koloko munali kale zinthu 7.

Kwa abwana akulu sindinapitebe, ndikudikira masabata awiriwo akwane. Chomwe chikundivutabe ndi wa ma graphics, a app akumufuna, a nkhani akumufuna, a marketing akumufunanso, ndipo ndi mmodzi yekha. Achemwali a ku Leeds kapena achimwene a ku Johannesburg, munthu wotereyu mumamuika mbali iti?