Ethanol ndi madzi zandisowetsa chonena m'kalasi

Mphunzitsi wa ku Ulongwe: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni. Dzulo pophunzitsa lamulo la Raoult, lonena za nthunzi yotuluka m'zamadzimadzi zosakanizidwa, ndinasakaniza 50 ml ya ethanol ndi 50 ml ya madzi, ana akuona. Tinapeza pafupifupi 96 ml m'malo mwa 100, botolo n'kufunda m'manja. Mtsikana wina anati, "Ndiye ndi negative deviation, mamolekyu akugwirana kwambiri." Koma buku likuti positive. Ndinangoti tikambirana mawa. Mawa lakelo ndi lero masana.

Wa ku Moatize: Kkkk achimwene, mwanayo musamukalipire, waganiza bwino. Vuto ndi tebulo lija timaloweza, loti positive imazizira ndi kufufuma, negative imafunda ndi kuchepa. Nthawi zambiri zimaterodi, koma si lamulo. Choyezera chenicheni ndi vapour pressure, mphamvu yokankha ya nthunzi. Mu ideal solution, yomvera lamulo la Raoult ndendende, ngati benzene ndi toluene, chilichonse chimatulutsa nthunzi molingana ndi mole fraction yake, ndiye kuti gawo la mamolekyu ake mu onse. Nthunzi ikaposa pamenepo, ndi positive, ikachepera ndi negative, kaya botolo lafunda kaya ayi.

Wa ku Ulongwe: Nanga ndiwaonetsa bwanji? Chida choyezera nthunzi tilibe.

Amayi a ku Furancungo: Afunseni za kachasu, onse amamudziwa ngakhale akane. Mutcheze kangati, ethanol sapyola pafupifupi 95.6 peresenti. Pamenepo nthunzi ndi zotsala mumphika zimafanana kuchuluka kwa ethanol, ndiyo azeotrope. Imawira pa 78.2°C, pansi pa ethanol weniweni wa 78.4°C, pansi pa madzi a 100°C. Chowira msanga kuposa zonse ziwiri ndiye kuti nthunzi yake ndi yochuluka. Umboni ndi umenewo. Kenako lembani pabolodi acetone 56°C, chloroform 61°C, azeotrope yake cha m'ma 64°C. Izozo zimagwirana ndi hydrogen bond, n'chifukwa chake zimachedwa kuwira. Negative yeniyeni.

Wa ku Moatize: Mtsikana uja akakakamira za kufundako, muuzeni kuti madzi amadzipanga bwinobwino mozungulira mchira wa ethanol, kutentha n'kutuluka, koma entropy, kumwazikana kwa mamolekyu, imatsika kuyerekeza ndi ya ideal. Kutsikako ndiko kumapambana, n'chifukwa chake ndi positive.

Amayi a ku Furancungo: Komanso manambala ndatchulawo ndi a pa 1 atm, mphamvu ya mpweya ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Kwanu ku Angonia n'kumtunda, madzi amawira cha m'ma 96°C. Muwachenjezeretu, angati thermometer yafa.

Wa ku Ulongwe: Zikomo amayi. Tebulo lija ndikalifufuta ndekha, belu lisanalire.